Momwe mungachepetsere kuchedwa kwa chithunzi cha pulojekita pa chinthu choyenda

Kuwalitsa chithunzi pakhoma si nkhani, khoma silithawa. Chintchito chimayamba mukafuna kuti chithunzicho chikhale pa lichero limene mtsikana akuvina nalo pasiteji, kapena pa dengu lothyolera tiyi limene wasewero wabereka, n'kumayenda nalo ngati anachita kupentapo. Kamera imaona pamene pali lichero, kompyuta imawerengera, pulojekita n'kuponya chithunzi pamenepo. Koma kuwala kukamatuluka, lichero limakhala litachoka kale. Chithunzi chimagwa theka pa lichero theka pachifuwa cha wovina, ndipo ana okhala kutsogolo sachedwa kuseka.

Luso limeneli amalitcha projection mapping. Ndi mtundu wa augmented reality, luso loonjezera zithunzi za kompyuta pa zinthu zenizeni, koma wosafuna magalasi apadera kumaso kapena foni m'manja, aliyense m'holo amangoona ndi maso ake. Malangizo awa ndi a gulu la zisudzo kapena kalabu ya sayansi ya ku Luchenza, ku Bvumbwe kapena pa Chitakale, limene lili ndi laputopu imodzi, pulojekita yobwereka ndi kamera ya USB, ndipo lafika kale poti chithunzi chikutsatira chinthu koma mochedwa. Ophunzira a ku yunivesite ya MUST ku Ndata, kumene a uinjiniya ndi a sukulu ya zachikhalidwe ya Bingu ali mumpanda umodzi, angapezenso poyambira. Langizo loposa onse ndi lakuti musagule kalikonse musanayeze, chifukwa nthawi zambiri kuchedwa kwakukulu kumachoka ndi rimoti ndi mizere ingapo ya pulogalamu, osatulutsa ndi tambala yomwe.

Samu yake ndi imodzi yokha. Mtunda umene chithunzi chatsalira ndi liwiro la chinthu kuchulukitsa ndi nthawi imene mwachedwa. Sekondi imodzi ili ndi mamilisekondi 1,000, ndipo tiziwalemba mwachidule kuti ms. Lichero likamayenda mita imodzi pa sekondi, inu n'kuchedwa 100 ms, chithunzi chitsalira masentimita 10. Dzanja la wovina likafika mamita awiri pa sekondi, ndi masentimita 20. Maso a munthu ndi ovuta kuwanamiza pa zimenezi: ofufuza a ku Microsoft anapeza mu 2012 kuti munthu akamakoka chala pa sikirini amatha kuzindikira kuchedwa kwa pafupifupi 6 ms. N'chifukwa chake a ku University of Tokyo anapanga pulojekita yotchedwa DynaFlash mu 2015, yoonetsa zithunzi 1,000 pa sekondi ndi kuchedwa kwa 3 ms, ndipo a Disney Research mu 2017 anawalitsa zithunzi pankhope ya munthu woyenda mochedwa osafika 10 ms. Kumeneko ife sitikafika ndi zipangizo zobwereka. Koma kuchoka pa 120 ms kufika pa 40 ms n'zotheka, ndipo kusiyana kwake aliyense akuona.

1. Yambani ndi chinthu chitaima

Musanakambe za nthawi, tsimikizani kuti malo ali bwino. Kolekani lichero pamsomali, lisagwedezeke. Chithunzi chikugwa pakati penipeni? Lisunthireni kumanzere, kumanja, pamwamba, pansi, nthawi iliyonse mukulisiya litaima. Ngati chithunzi chikuphonya lichero lili phee, vuto si kuchedwa, ndi kusamvana kwa kamera ndi pulojekita pa nkhani ya malo.

Mankhwala ake ndi awiri. Ikani kamera pafupi kwambiri ndi diso la pulojekita, pamwamba pake kapena pansi pake, zonse zimangidwe pa thabwa limodzi kuti wina akagunda tebulo zisunthire pamodzi. Kenako walitsani madontho anayi m'makona a malo ovinira, lembani pamene kamera ikuwaona, mupatse OpenCV, pulogalamu yothandiza kompyuta kuwerenga zithunzi za kamera, manambalawo kudzera pa getPerspectiveTransform, kapena findHomography ngati madontho ndi ochuluka. Dziwani kuti samu imeneyi imakhoza pa mtunda umodzi wokha kuchokera pa pulojekita. Wovina akabwera kutsogolo kapena kubwerera m'mbuyo kwambiri, chithunzi chimayamba kutsetsereka, ndipo kamera ikatalikirana ndi pulojekita chimatsetsereka kwambiri. Jambulani mzere wa choko pansi, wovina adziwe kuti lichero liziyenda pamwamba pa mzerewo.

Pali njira yachidule yosiyanitsira mavuto awiriwa. Vuto la malo limaphonyera mbali imodzimodzi nthawi zonse. Kuchedwa kumasintha mbali: lichero likapita kumanja chithunzi chimatsala kumanzere, likabwerera chimatsala kumanja.

2. Yezani ndi twaini ndi foni

Mangani twaini pa mtanda wa denga, kunsi kwake mumangirire mpira wa tenesi. Kuchokera pa mfundo ya pamwamba kufika pakati pa mpira pakhale mita imodzi ndendende. Masentimita ochepa kumbuyo kwa mpirawo imikani thabwa loyera, mumatepo tepi yoyezera ya atelala mopingasa. Mpira wotere mukaukokera pambali masentimita 32 n'kuusiya, umapita n'kubwerera m'masekondi awiri, ndipo podutsa pakati penipeni umakhala pa liwiro la mita imodzi pa sekondi. Apa samu yaphweka: sentimita iliyonse imene chithunzi chatsalira ndi 10 ms.

Uzani pulogalamu yanu kuti iwalitse kadontho kamodzi pakati pa mpira. Jambulani ndi foni pa slow motion, foniyo itatsamira pampando moyang'anizana ndi pakati. Bwezani kanemayo, imitsani pamene mpira ukudutsa pakati, werengani pa tepi kuti kadontho katsala masentimita angati. Werengani maulendo awiri kapena atatu oyamba okha, chifukwa mpira umanka nufooka. Mukapeza masentimita 13, mwachedwa 130 ms. Lembani nambalayo m'kope.

Njira yachiwiri ndi yolondola kwambiri, ndipo idzakuthandizani manambala akachepa. Lumikizani timababu tiwiri ta LED pa switchi imodzi: LED yofiira yoti foni ione, ndi LED ya infrared, kuwala kumene maso saona, yoti kamera ya pa gawo 4 ione. Pulogalamu ikangoona kuwala iyeretse chithunzi chonse. Jambulani LED ndi khoma pamodzi pa zithunzi 240 pa sekondi, zimene mafoni ambiri amakono amatha, kenako werengani zithunzi kuyambira pamene LED yayaka kufika pamene khoma layera. Chithunzi chilichonse ndi 4.2 ms. Bwerezani maulendo khumi kapena kuposa, mupeze nambala ya pakatikati, koma mulembenso yoipitsitsa. Kuchedwa kosinthasintha, lero 40 mawa 70, kumavuta kuposa kuchedwa kokhazikika pa 60, ndipo chifukwa chake muchiona pa gawo 6.

Kuyambira pano sinthani chinthu chimodzi, yezani, lembani. Mukasintha zisanu nthawi imodzi simudziwa chimene chathandiza ndi chimene chaononga.

3. Pulojekita

Yambani kuno chifukwa ndi kosavuta, komanso kumabisala nthawi yambiri. Pulojekita za m'maofesi ndi m'matchalitchi anazipangira mawu a nyimbo ndi PowerPoint, zimasunga chithunzi kaye n'kuchikonza zisanachionetse. Lowani mu menyu ndi rimoti. Ngati muli Game Mode, Fast Input kapena Enhanced Gaming, yatsani. Zimitsani chilichonse chosalaza kayendedwe ka kanema, chimene makampani ena amachitcha frame interpolation, chifukwa kuti chipange chithunzi cha pakati chimayenera kudikira chotsatira. Zimitsaninso noise reduction.

Keystone, yoongola chithunzi chikapendekeka, ibwezeni pa 0. M'mapulojekita ambiri mukangoigwira, njira yachangu ija imazima yokha mwakachetechete. Ongolani ndi manja, ikani timatabwa pansi pa miyendo mpaka pulojekita iyang'anizane bwino ndi siteji. Zotsala samu ya madontho anayi ija ikonza.

Tumizani chithunzi pa kukula kwake kwenikweni kwa pulojekitayo. Ngati ndi ya 1280 ndi 800, laputopu itumize 1280 ndi 800, pulojekita isavutike kuchepetsa. Lumikizani ndi nthambo ya HDMI mwachindunji. Zotumiza chithunzi pa Wi-Fi, timabokosi togawira sikirini ziwiri, zonsezo chotsani pakati.

Kenako onani kuti pulojekita imalandira zithunzi zingati pa sekondi. Pa 60 Hz, kutanthauza zithunzi 60 pa sekondi, chithunzi chilichonse chimakhala 16.7 ms, pa 120 Hz ndi 8.3 ms, pa 240 Hz ndi 4.2 ms. Mapulojekita ambiri a DLP, mtundu wogwiritsa timagalasi ting'onoting'ono, amene analembedwa 3D Ready amalandira 120 Hz mukatsitsa kukula kwa chithunzi, ndiye yesani, mwina mwakhala nayo nthawi yonseyi osadziwa. Ngati tsiku lina gulu lidzapeza ndalama yogulira yake, lidzafune ya masewera a pakompyuta. BenQ, Optoma ndi ViewSonic ali ndi mitundu yolandira 1080p pa 240 Hz ndi kuchedwa kwa pafupifupi 4 ms. Pa ntchito iyi 4K ilibe phindu, wokhala kumbuyo kwa holo sangaone kusiyana pa lichero loyenda.

4. Kamera, kumene kuli ntchito yambiri

Kamera wamba ya USB imajambula zithunzi 30 pa sekondi, kutanthauza kuti imaphethira kamodzi pa 33 ms iliyonse. Choipa kwambiri n'chakuti mumdima imadzisankhira yokha kutsegula diso nthawi yaitali kuti ipeze kuwala, ndipo zina zimatsika kufika pa zithunzi 15 pa sekondi osakuuzani. Holo yanu ndi yamdima, pulojekita imafuna mdima. Ndiye kamera imene masana inali yachangu, usiku wa sewero imasanduka kamba.

Nthawi imene diso la kamera limakhala lotseguka imatchedwa exposure: zimitsani auto exposure, muike nambala ndi dzanja. Pa Linux pali kapulogalamu ka v4l2-ctl, pa Windows pulogalamu ya kamerayo kapena OpenCV yomweyo. Tsitsani exposure kufika pa 2 mpaka 4 ms. Izi zimachotsanso kufufuma kwa chithunzi: chinthu choyenda mita imodzi pa sekondi, diso litatseguka 30 ms, chimaoneka ngati chingwe cha masentimita atatu, ndipo kompyuta imasankha pakati pa chingwecho, pamene chinthu chinali kalekale. Zimitsaninso autofocus ndi auto white balance.

Mukatero chithunzi chida bii. Musabwezere exposure, onjezani kuwala kumene kamera yokha ingaone. Pezani nyali ya infrared ya 850 nm, ngati zimene amaika pa makamera achitetezo kuti aziona usiku. Pezaninso tepi yonyezimira, ija amamata kumbuyo kwa malole, kapena dulani mizere yonyezimira ya pa jekete yakutha ya akabaza. Tepi imeneyi imabweza kuwala komwe kwachokera, osati kumwaza paliponse, choncho nyaliyo iyenera kukhala mogundana ndi diso la kamera. Mukaiika patali ndi mkono umodzi wokha, kuwala kumabwerera ku nyali, kamera osaona kanthu. Dulani tizidutswa tozungulira tofanana ndi kachitsekero ka botolo, mumate tinayi m'mphepete mwa lichero, mkati mwake mutapaka penti yoyera yosanyezimira. Kamodzi kakhale kokulirapo kuti kompyuta idziwe kumwamba ndi kuti lichero likatembenuka.

Kamera nayo iyenera kuona infrared ndi kusaona kuwala wamba. Makamera ambiri ali ndi kagalasi kotsekereza infrared mkati. Raspberry Pi imagulitsa kamera ya NoIR imene ilibe kagalasi kameneko. Kamera yakale ya PlayStation 3 Eye, imene imajambula 640 ndi 480 pa zithunzi 60 kapena 320 ndi 240 pa zithunzi 120, anthu akhala akuitsegula n'kuchotsa kagalasiko kwa zaka zambiri. Kutsogolo kwa diso ikani kagalasi kolola infrared yokha. Poyesa, lozetsani rimoti ya TV ku kamera n'kudina batani lililonse: ikaoneka ikuthwanima, zili bwino.

Phindu lake ndi lalikulu kuposa kuwala chabe. Kamera yoona kuwala wamba imaonanso chithunzi chimene pulojekita yanu ikuponya pa lichero, n'kuyamba kuthamangitsa chithunzi chake chomwe. Ya infrared imaona mdima wokhawokha ndi timadontho tinayi toyera mbee, ndipo kupeza timadontho tinayi pamdima ndi ntchito yopepuka ngakhale kwa laputopu yakale. Kumbukirani kuti tsopano kamera siingaone madontho a pulojekita aja a pa gawo 1. Bwerezani ntchito ija motere: walitsani dontho, ikani kachidutswa ka tepi pa donthopo ndi dzanja, kamera iwerenge kachidutswako.

Dzuwa lili ndi infrared yambiri, chimodzimodzinso kandulo, nyali ya parafini ndi mababu akale a waya. Kabowo kamodzi pa malata masana kamaoneka ngati dontho lachisanu. Tsekani mawindo, ndipo yang'anani chithunzi cha kamera musanayambe kuti muone ngati pali china chikuwala, wotchi, ndolo kapena mikanda ya wovina.

Ngati mukugula kamera, funani ya global shutter, yojambula chithunzi chonse kamodzi. Zambiri zotchipa ndi za rolling shutter, zimawerenga mzere ndi mzere kuchokera pamwamba, choncho chinthu chothamanga chimaoneka chopendekeka. Makamera ojambula zakuda ndi zoyera okhala ndi chipu cha OV9281 amafika zithunzi 120 pa sekondi, ndipo Raspberry Pi inatulutsa yake ya global shutter mu 2023. Mitundu simukuifuna, kukula kwa chithunzi simukufuna kwambiri. Ngati kamera yanu ndi ya USB, ibayeni pa doko lakelake, isagawane ndi china.

Kwa amene akhalabe pa kuwala wamba: magetsi a kuno ndi a 50 Hz, ndipo mababu ena amaphethira ka 100 pa sekondi. Exposure ikafupika, kuphethirako kumaoneka pa kamera. Ikani power line frequency pa 50 Hz, makamera ena amabwera ali pa 60 ya ku America.

5. Pulogalamu

Kuchedwa kwa mu pulogalamu kawirikawiri sikuchokera ku kuwerengera kovuta, kumachokera ku kudikira pamzere. Kamera imatumiza zithunzi mosalekeza, ndipo pulogalamu ikachedwa pang'ono zithunzizo zimaunjikana ngati matumba a chimanga pachigayo, lofika kumene kudikira kuti a m'mawa athe kaye. Pachigayo ndi chilungamo chimenecho, koma kuno tikufuna thumba lofika kumene lokha, enawo atayidwe. Zithunzi zinayi zikaima pamzere pa kamera ya 30, mwataya 130 ms musanayambe n'komwe.

Mu OpenCV ikani CAP_PROP_BUFFERSIZE, chiwerengero cha zithunzi zololedwa kudikira pamzere, pa 1. Si paliponse pamene lamuloli limamveka, ndiye yezani. Njira yodalirika ndi kupatula ntchito: thread imodzi, kagawo ka pulogalamu koyenda pakokha, izingolandira zithunzi n'kumalemba chatsopano pamwamba pa chakale, inayo izitenga chimene chilipo panthawiyo. Lembaninso nthawi imene chithunzi chilichonse chafika, muifuna posachedwapa.

Pofufuza timadontho musachulutse nzeru. Threshold, yosiya zowala kwambiri zokha n'kudetsa zina zonse, kenako pakati pa dontho lililonse, basi. Mukalipeza kamodzi, chithunzi chotsatira musafufuze ponseponse, yang'anani kabwalo kakang'ono kozungulira pamene linali. Mapulogalamu a AI ozindikira thupi lonse ndi okoma kuonetsa alendo, koma pa laputopu wamba amadya nthawi imene mwaivutikira pa magawo awiri apitawa. Tsekani tiwindo tonse toonera zimene kamera ikuona, ndi mizere yolemba manambala pa sikirini, tsiku la sewero.

Pali msampha wina umene ambiri amadzitchera okha. Timadontho timanjenjemera pang'ono, munthu n'kuganiza zotenga avereji ya zithunzi zisanu zapitazo kuti chithunzi chikhazikike. Chimakhazikikadi, koma avereji ya zithunzi zisanu imakubwezani m'mbuyo ndi zithunzi ziwiri, ndiye kuti 33 ms pa kamera ya 60. Gwiritsani ntchito 1€ filter, imene Géry Casiez, Nicolas Roussel ndi Daniel Vogel anatulutsa mu 2012. Imasalaza kwambiri chinthu chikamayenda pang'onopang'ono, pamene kunjenjemera kumaoneka, n'kumasula chikathamanga, pamene kuchedwa kumaoneka. Ili ndi manambala awiri osintha: tsitsani loyamba mpaka lichero loima lisiye kunjenjemera, kenako kwezani lachiwiri, beta, mpaka loyenda lisiye kutsalira.

Mbali yojambula nayo ili ndi mizere yake. Chithunzi chimene mukufuna kuonetsa, kaya ndi nanazi kaya ndi nsonga ya Sapitwa, chikonzeni kale chikhale chodikira mu GPU, chipu chojambula zithunzi mu kompyuta. Pamphindi yomaliza ingofunsani kuti lichero lili pati tsopano, n'kuchisunthira pamenepo. Kaya mukugwiritsa TouchDesigner, openFrameworks kapena Processing, dongosolo ndi lomwelo: malo afunsidwe komalizira, osati koyambirira. Pulogalamu idzaze sikirini yonse, ndipo pulojekita ikhale sikirini yokhayo, osati yogawana chithunzi ndi ya laputopu. Yesani kuzimitsa VSync, imene imadikiritsa chithunzi chatsopano mpaka sikirini itamaliza chakale. Mupeza nthawi, koma nthawi zina chithunzi chimaoneka chodukaduka pakati. Pa lichero laling'ono lozunguliridwa ndi mdima kudukako sikumaoneka kwenikweni, ndipo ine ndingasankhe kuduka kusiyana ndi kutsalira. Yang'anani nokha musankhe.

Laputopu ikhale pa chaja, ndipo muiike pa mphamvu zonse. Ikakhala pa batire imadzichepetsa liwiro.

6. Kulosera

Mukachotsa zonse zochotseka, padzatsalabe kena kake, tinene 40 ms. Zimenezo sizichoka, koma mungazilambalale powalitsa pamene lichero lidzakhale m'malo mwa pamene linali. Mukudziwa malo ake, mukudziwa liwiro lake poyerekeza zithunzi zotsatizana ndi nthawi zimene munalemba zija. Chulukitsani liwiro ndi kuchedwa kumene munayeza, onjezani pa malo. Kalman filter, yochokera ku ntchito ya Rudolf Kálmán ya mu 1960, imachita zimenezi mwaudongo, ndipo ili kale mu OpenCV.

N'chifukwa chiyani gawo ili lili kumapeto pamene likuoneka ngati lingathetse zonse kamodzi? Chifukwa kulosera kumakhoza chinthu chikamayenda mowongoka pa liwiro limodzi, ndipo wovina savina choncho. Amaima mwadzidzidzi ng'oma ikadula, amatembenuka. Pamenepo chithunzi chimapitirira n'kubwerera, ndipo kulakwa kwake kumakula mofulumira kuposa kuchedwa komweko: kuchedwa kukawirikiza kawiri, kulakwa kumawirikiza kanayi. Taonani manambala. Dzanja likachoka pa kuima kufika pa mita imodzi pa sekondi m'kati mwa 100 ms, wolosera 100 ms kutsogolo aphonya ndi masentimita 5, pamene wolosera 30 ms aphonya ndi zosakwana theka la sentimita. Kunjenjemera kwa timadontho nako kumakula mukamalosera patali. Ndiye kulosera kumapindulira amene anayamba wachepetsa. Apanso m'pamene kuchedwa kosinthasintha kumapweteka, chifukwa simungalosere 40 ms ngati nthawi zina ndi 70.

Yambani ndi theka la nambala imene munayeza. Bwererani ku mpira wa pa twaini, kwezani pang'onopang'ono mpaka kadontho kakhale pa mpira podutsa pakati, kenako yang'anani m'mapeto, pamene mpira umaima n'kubwerera. Zikakhala bwino pamenepo, itanani wovina weniweni ndi ng'oma yeniyeni. Mpira ndi waulemu, suchita zodzidzimutsa. Chithunzi chikamapitirira lichero poima, tsitsani. Maso amakhululukira chithunzi chotsalira pang'ono kusiyana ndi chodumpha patsogolo. Dontho limodzi likabisika ndi chala, pitirizani ndi atatu otsalawo kwa kanthawi kochepa, koma onse akasowa zimitsani chithunzi mofatsa m'malo molosera mumdima.

7. Bisani zotsala

Apa ndi pa ntchito ya wokonza sewero, osati wa kompyuta yekha. Chithunzi chikhale chochepa kuposa lichero. Lichero la masentimita 50, chithunzi cha masentimita 40, kumatsala masentimita 5 mbali iliyonse, ndipo pa liwiro la mamita awiri pa sekondi danga limenelo limameza 25 ms popanda kuwala kutayikira kunja. Mphepete mwa chithunzi mukhale mozimirira, musakhale mzere wakuthwa wotsata mkombero wa lichero, chifukwa mizere iwiri yoyandikana ndiyo imaulula kuphonya kulikonse. Kumbuyo pachikeni nsalu yakuda, wovina avalenso zakuda kumtunda, kuti kuwala kotayika kusaoneke.

Mapulojekita a DLP a chipu chimodzi saonetsa mitundu pamodzi, amaonetsa wofiira, wobiriwira ndi wabuluu motsatizana mofulumira. Pakhoma maso amaisakaniza. Pa chinthu chothamanga mitunduyo imagwa malo osiyana, ndipo mzere woyera umaoneka ndi mphonje za utawaleza. Mukaona zimenezi, pa zigawo zothamanga gwiritsani mtundu umodzi, wobiriwira weniweni ndiwo umawala bwino, mitundu yambiri muisungire pamene lichero lafatsa. Muthanso kuuza pulogalamu kuti liwiro likapitirira muyezo chithunzi chizilala, chizibwerera lichero likadekha. Oonera amayesa ndi mmene sewero linakonzedwera.

Wokonza gule akhale nanu poyeserera. Akadziwa kuti nkhope ya munthu kapena mawu olembedwa zimafuna lichero loyenda mofatsa, pamene moto kapena madzi zimalola kuthamanga, adzakonza masitepe moyenera. Ndinenepo chimodzi chapambali. Tchopa, amene UNESCO inamulemba mu 2014 pa mndandanda wa chikhalidwe cha anthu onse, ndi gule wa nsembe wa Alhomwe, si malo oyeserapo zipangizo. Ngati maganizo anu ndi okaonetsa zimenezi pa gule woteroyo, kaya ndi pa Mulhako wa Alhomwe kwa Chonde kaya ndi kumudzi, yambani mwakhala pansi ndi akuluakulu a gulewo. Pa sewero la kusukulu mulibe chokuletsani.

Samalani maso a wovina. Pulojekita yamuloza kumaso kwa mphindi zambiri, ndiye chilichonse kunja kwa lichero chikhale chakuda, ndipo mu pulogalamu ikani malire kuti chithunzi chizime lichero likatsika kapena kukwera modutsa pankhope. Nyali ya infrared siioneka, choncho munthu saphethira akaiyang'ana. Isakhale pafupi ndi nkhope ya aliyense.

8. Tsiku la sewero

Fikani msanga muyezenso pamalopo, ndi twaini yomwe ija, zipangizo zitayaka kwa theka la ola. Laputopu ikatentha imadzichepetsa liwiro, ndipo m'holo ya malata mwezi wa Okutobala, anthu atadzaza, itentha ndithu. Iikeni pa timatabwa tiwiri kuti mpweya uzidutsa pansi, musaiike pa nsalu, ndipo pukutani fumbi pa mabowo ake ndi a pulojekita. M'miyezi ya chiperoni vuto ndi chinyezi: diso la kamera likachita nthunzi timadontho timafufuma, ndiye tulutsani zipangizo m'chikwama nthawi ikadalipo kuti zizolowere mpweya wa m'holo, kenako pukutani ndi kansalu kofewa.

Zimitsani Wi-Fi kuti kompyuta isayambe kudzikonza pakati pa sewero. Ngati mukudalira jenereta, pulojekita ndi nyali ya infrared zidutse pa UPS, kabokosi ka batire kosunga magetsi akazima. Magetsi akangophethira, onaninso menyu ya pulojekita ndi exposure ya kamera musanapitirize, chifukwa makamera ambiri a USB akazima n'kuyakanso amabwerera pa auto. Ndi bwino malamulo a exposure akhale m'kati mwa pulogalamu, kuti aziperekedwa okha nthawi iliyonse ikayamba. Mangani miyendo ya tebulo ndi nthambo zonse pansi ndi tepi, ndipo pakhale munthu mmodzi wokhala pambali pa tebulolo kuletsa ana kutsamira.